Kumene Kunachokera Phokoso la Nyundo Kwathu

Teremu yathayi, tsiku lina Loweruka pa nthawi ya ntchito zamanja, anzanga awiri amene anapatsidwa ntchito yotungira madzi kukhitchini anabwera akudandaula kuti ndowa ikudontha ndipo ndi yofunika kungotaya. Ndinaitenga n'kuitembenuza, ndipo ndinaona kuti pansi pake sipanabooke ayi, koma msoko ndi umene unayasama. Ndinabwereka nyundo, ndinapeza kachitsulo koika kunsi, ndipo posakhalitsa ndowa ija inayambanso kugwira ntchito. Kuyambira tsiku limenelo ena mwa inu mwakhala mukundifunsa kumene ndinaphunzira zimenezi, ndipo ena mwandipatsa maina amene sindingawalembe muno. Tsono ndaganiza zoti ndifotokoze kamodzi kokha kudzera m'magazini yathu ino, kuti mudziwe ntchito imene imandilipirira fizi, mmene imagwiridwira ndiponso mmene inakulira.

Kwathu ndi ku Ndirande mumzinda wa Blantyre, ndipo banja lathu limadya za malata. Amene anayamba ntchitoyi ndi agogo anga aamuna, bambo awo a bambo anga. Iwo ali mnyamata anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi kudzera ku Wenela monga ankachitira anyamata ambiri a nthawi imeneyo. M'chaka cha 1974 ndege imene inanyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndipo Amalawi 74 anafa. Zitatero, boma la Dr. Kamuzu Banda linaletsa kulemba anthu opita ku migodi, ndipo anthu zikwizikwi anabwerera kumudzi. Agogo anali mmodzi mwa iwo. Anzawo anabwera ndi mawailesi, njinga ndi majekete. Iwo anabwera ndi sizasi yaikulu yodulira malata, nyundo ziwiri ndi luso limene anatola poonerera amisiri a kumeneko. Agogo aakazi mpaka lero amaseka akamakumbukira kuti abale anakhumudwa kwambiri atatsekula katundu wa mtchona uja.

Chipangizo chachitatu anachipeza konkuno, ndipo ndi chimene chilipobe pakati pa shedi yathu: chidutswa cha njanji yakale, chotalika ngati mkono. Mmisiri wa malata aliyense amene munamuonapo pamsika ali nacho chitsulo chotere. Pamwamba pake m'posalala, pokhomera. M'mphepete mwake m'mowongoka, mopindira. Ndi njanji imeneyi, sizasi ndi nyundo, agogo anakhala pansi pa mtengo n'kuyamba kukonza mapoto ndi ndowa za anthu. Malata atsopano analibe ndalama zogulira, motero ankatola zitini za mkaka ndi za mafuta ophikira n'kumapanga nyali za koloboyi, mafanelo ndi makapu. Pambuyo pake anayamba kugula migolo yotha ntchito, kuing'amba ndi tchizulo, kuiwongola, n'kupanga mbaula.

Ndisanapitirire ndi mbiri ya banja, ndifotokoze kaye za lata lenilenilo, pakuti ambiri timagona pansi pa malata koma sitidziwa chimene lili. Lata ndi chitsulo chopyapyala chimene anachikuta ndi chitsulo china chotchedwa zinki. Chitsulo wamba chikakumana ndi madzi ndi mpweya chimachita dzimbiri. Pofuna kuchiteteza, amachiviika mu zinki yosungunuka, imene imasungunuka ikatenthedwa kufika pa madigiri pafupifupi 420. Njira imeneyi inalembetsedwa ku France m'chaka cha 1837 ndi munthu wina dzina lake Stanislas Sorel. Chodabwitsa chake n'chakuti zinki siteteza ngati penti chabe. Lata likakandika pang'ono mpaka chitsulo chamkati kuonekera, zinki ya m'mbali mwa bala lija ndi imene imayamba kudyeka, chitsulocho n'kukhala bwinobwino. Aphunzitsi athu a sayansi atafika pa mutu umenewu ndinasangalala zedi, chifukwa bambo anali atandiuza kale kuti lata limadzipoletsa lokha, koma sanathe kundiuza chifukwa chake. Zinki ikatha ndi pamene denga limasanduka lofiira, monga madenga ambiri amene mumawaona mukaima pamtunda ku Ndirande.

Malata a padenga aja ali ndi mizere yokwera ndi yotsika, ndipo nzeru imeneyi inalembetsedwa ku London m'chaka cha 1829 ndi Henry Palmer. Mukafuna kumvetsa ntchito ya mizereyi tengani pepala la m'kope, muligwire mbali imodzi: ligwa. Mulipinde kangapo ngati chokupizira mphepo: liima, ndipo likhoza kunyamula cholembera. Nzeru yonse ya mmisiri wa malata yagona pamenepa. Chinthu chopyapyala chimalimba chikapindidwa. N'chifukwa chake ndowa yabwino imakhala ndi timizere tozungulira m'mimba mwake, ndipo kukamwa kwake amakulungirako waya. Anthu ena amayesa kuti timizere timeneti n'tokongoletsa.

Chinthu china chimene wogula ayenera kudziwa ndi geji, nambala imene imasonyeza kukhuthala kwa lata. Apa pali msampha, chifukwa nambala ikamakwera lata limapyapyala. Lata la geji 32 ndi lopyapyala kuposa la geji 28, ndipo la 28 ndi lopyapyala kuposa la 24. Ndinaonapo munthu wovala taye akuumirira kuti amupangire ndowa ya geji 32 poganiza kuti ndiye yolimba koposa, ndipo bambo anavutika kumufotokozera popanda kumuchititsa manyazi. Amisiri osakhulupirika amadyerera anthu pa nkhani yomweyi. Amalipiritsa mtengo wa lata lokhuthala koma n'kugwiritsa ntchito lopyapyala, ndipo wogula amadzazindikira ndowa itapindika pachitsime.

Tsono ndowa imapangidwa bwanji? Ndigwiritse ntchito chidebe chowongoka cha malita 20 chifukwa masamu ake ndi osavuta. Lita imodzi ndi masentimita a kiyubiki 1,000, kotero tikufuna malo okwana 20,000. Tikasankha kuti kukamwa kukhale masentimita 30, theka lake ndi 15. Tichulukitse 15 ndi 15 ndiponso ndi 3.14, tipeza 706.5, kumene kuli kukula kwa pansi pake. Tigawe 20,000 ndi 706.5, tipeza kuti chidebe chiyenera kutalika masentimita 28 ndi pang'ono. Kuti tidziwe utali wa lata lozungulira thupi lake, tichulukitse 30 ndi 3.14, tipeza 94.2. Koma mmisiri amene angadule 94.2 ndendende walira, chifukwa alibe popinda msoko. Amawonjezera pafupifupi masentimita awiri kuti akhale 96. Mumtali namonso amawonjezera za waya wa kukamwa ndi za msoko wa pansi, n'kufika pa 31. Chozungulira cha pansi amachidula cha masentimita 32.

Lata losalala limene timagula limakhala la masentimita 244 mulitali ndi 122 mulifupi, kapena kuti mafiti 8 ndi 4 monga amanenera bambo. Mukayala bwino, m'lata limodzi mumatuluka matupi asanu ndi zapansi zake zonse, n'kutsala kachidutswa kakatali kopangira makutu ogwirira chogwirira, mafanelo ndi tinthu tina. Mukayala mosasamala mumatuluka zidebe zinayi. Chidebe chachisanucho ndiye phindu. Mmisiri amene amataya chidebe chimodzi pa lata lililonse akhoza kukhoma kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa chaka chonse, koma osagula ngakhale nsapato. Bambo sanafike Fomu 1, ndipo 3.14 sakumudziwa ndi dzina. Iwo amati kuzungulira kwa chinthu ndi kukamwa kwake katatu ndi kachidutswa. Ndowa yeniyeni, yotambasuka kumwamba ndi yopanikiza pansi, ndi yovutirapo, pakuti lata lake likatambasulidwa limaoneka ngati mwezi wongokhala kumene. Bambo amalijambula ndi chingwe ndi msomali, ndipo sindinawaonepo akuphonya.

Akadula, amapinda m'mphepete ziwiri zija, ina kuyang'ana m'kati ina kunja, ngati zala ziwiri zokolana. Amakulunga lata pa chipaipi, n'kukoletsa m'mphepete muja, kenaka n'kukhoma mpaka msoko utagona. Msoko wokhomedwa bwino sudontha ngakhale popanda chomatira. Pansi amalowetsanso chimodzimodzi. Pa zinthu zina, monga makheni othirira mbewu kudimba, amamata ndi mtovu wosungunula ndi chitsulo chotentha. Pano ndichenjeze anzanga amene mudzakhale ndi maparishi a kumudzi: chomatira chimenechi nthawi zambiri chimakhala chosakaniza ndi mtovu weniweni, umene ndi poizoni makamaka kwa ana. Si choyenera kumatira chiwiya chophikira kapena chosungira madzi akumwa. Agogo ankamatira chilichonse chifukwa sankadziwa. Bambo anasiya.

Ndibwerere ku mbiri ija. Kwa zaka zambiri ntchito ya agogo sinakule. Inkadyetsa banja, koma ndalama ya tsiku inkathera tsiku lomwelo. Bambo anayamba kukhoma ali mwana, ndipo agogo atayamba kuvutika ndi maso anawasiyira njanji ija. Kusintha koyamba sikunabwere ndi makina kapena ngongole ayi, kunabwera ndi amayi. Iwo atakwatiwa anaona kuti bambo ankaika ndalama zonse m'thumba limodzi: ya malata, ya ndiwo, ya maliro ndi ya chibuku cha anzawo. Anagula kope la mizere, anayamba kulemba chilichonse cholowa ndi chotuluka, ndipo anakhazikitsa lamulo lakuti ndalama yogulira lata lina ichotsedwe kaye munthu asanaganize za ufa. Bambo amavomera okha kuti miyezi yoyamba panali mkangano ndithu, chifukwa mwamuna wamkulu kupempha ndalama ya sopo kwa mkazi wake chinali chinthu chowawa. Koma kope lija ndi limene linawaonetsa chinthu chimene sankachidziwa, chakuti mbaula zinkawapatsa phindu loposa ndowa ngakhale kuti ndowa zinkatuluka zambiri.

Nthawi yomweyo n'kuti ndowa ndi mabeseni a pulasitiki atadzaza m'misika. Pulasitiki ndi yopepuka, yotsika mtengo ndiponso yamitundu yokongola, ndipo amayi a m'tauni anaikonda. Amisiri ambiri amene ankadziwa ndowa zokha anasiya ntchito. Bambo anaganiza zoti asalimbane ndi pulasitiki koma apange zinthu zimene pulasitiki singathe, ndiye kuti zokhudza moto ndi zokhudza denga. Anayamba kupanga mbaula zija zokhala ndi dothi lowotcha m'kati, zimene nzeru yake inachokera ku Kenya m'zaka za m'ma 1980. Dothilo limasunga kutentha, kotero makala amatha pang'ono poyerekeza ndi mbaula ya chitsulo chokhachokha. Iwo ankapanga chitsulo chakunja, ndipo madothi ankagula kwa amayi ena oumba mbiya. Anawonjezerapo ziwaya zokazingira tchipisi, mauvuni a masikono, zomwera ndi zodyera nkhuku, ndi mabokosi a malata onga amene ambiri a ife tinabwera nawo kuno.

Kusintha kwachiwiri kunali makina owotcherera zitsulo. Amayi anali mu banki m'khonde ndi anzawo a ku Limana, ndipo atagawana ndalama kumapeto kwa chaka, anaphatikiza ndi zimene zinali m'kope, bambo n'kugula makina ogwiritsidwapo kale ntchito. Achimwene awo a amayi, amene ine ndimati malume, anali atagwirapo ntchito yowotcherera pa kampani ina, ndipo analowa m'shedi. Apa ndi pamene ntchito inasiya kukhala ya munthu mmodzi. Anayamba kupanga mafelemu a zitseko ndi mawindo, zotchingira akuba ndi mageti. Malume anapanganso okha makina opindira malata pogwiritsa ntchito zitsulo zamakona ndi mahinjesi akuluakulu. Si okongola, koma amapinda lata lonse la mafiti 8 kamodzi n'kamodzi, mzere wake wowongoka ngati rula. Ndi makina amenewa tinayamba kupanga ngalande zolandira madzi a mvula padenga, zimene ambiri amati magata, ndi zivindikiro za pamsonga pa denga. Ntchito imene inkatenga tsiku lonse pa njanji inayamba kutha anthu asanamwe tiyi. Omanga nyumba anayamba kubwera ndi maoda akuluakulu, ndipo bambo analemba anyamata ophunzira ntchito.

Kuwotcherera kuli ndi zoopsa zake. Kuwala kwake kumapsereza maso, ndipo munthu amene wayang'ana popanda galasi lakuda amagona usiku akumva ngati m'maso mwathiridwa mchenga. Ine zinandichitikirapo kamodzi chifukwa cha chidwi. Choopsa china ndi utsi woyera umene umatuluka powotcherera lata lokutidwa ndi zinki. Munthu akaupuma kwambiri, madzulo amamva kuzizidwa, mutu ndi kuphwanya m'thupi ngati malungo. Malume anamwapo mankhwala a malungo kangapo asanazindikire kuti vuto ndi utsi. Masiku ano ntchito yotere amaigwirira panja. Amisiri ambiri amakhulupirira kuti kumwa mkaka kumachotsa utsiwu m'thupi, koma chimene chimathandiza ndi kusaupuma.

Chinthu chimene ine ndimanyadira kwambiri mwa zonse zimene shedi yathu imapanga ndi nkhokwe ya malata. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 m'dziko muno munalowa kachilombo kochokera mbali ya ku Tanzania, koopsa kuposa anankafumbwe amene makolo ankawadziwa, kamene kamasandutsa chimanga kukhala fumbi ndipo kamaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe. Nkhokwe ya malata, imene inayamba kufala m'maiko a ku Central America m'zaka za m'ma 1980, ili ngati mgolo waukulu wokhala ndi pothirira pamwamba ndi potulutsira pansi. Chinsinsi chake n'chakuti mpweya usalowe. Mlimi amathiramo chimanga chouma bwino, amaika kandulo yoyaka pa kambale pamwamba pa chimangacho, n'kutseka ndi kumanga zivindikiro ndi mphira. Kandulo ija imatha mpweya wabwino n'kuzima yokha, ndipo tizilombo timafa popanda mankhwala. Koma pakakhala kabowo ngakhale kamodzi pamsoko, ntchito yonse yapita pachabe, ndipo banja limadzatsekula mwezi wa Januwale n'kupeza gaga. N'chifukwa chake bambo salola wophunzira ntchito kugwira misoko ya nkhokwe. Vuto lake ndi mtengo. Amene amaifuna kwambiri ndi mlimi wamng'ono, ndipo ndi yemweyo amene sangathe kulipira lata lonselo nthawi imodzi. Timapanga zochepa pachaka.

Musaganize kuti ntchito ikakula mavuto amachepa. Amakula nayo limodzi. Pamene agogo ankakhoma pansi pa mtengo analibe nazo ntchito za magetsi. Koma mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankazima maola ambiri mpaka chaka chotsatira. Makina owotcherera anangokhala. Malume ankagona m'shedi kudikira kuti magetsi akayaka pakati pa usiku agwire ntchito, anansi n'kumadandaula phokoso. Chimene chinatipulumutsa miyezi imeneyo ndi njanji yakale ija, chifukwa mbaula sizifuna magetsi popanga, ndipo magetsi akamavuta ndi pamene anthu amagula mbaula zambiri.

M'mwezi wa Malichi 2023 kunabwera namondwe Freddy. Ambiri a inu mukukumbukira matope ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndi anthu mazanamazana amene anafa m'chigawo cha kummwera. Mvula itasiya, anthu ankabwera kushedi atasenza malata opindikapindika amene anawatola m'matope kuti awawongolere. Kuwongola lata lotere kulibe phindu, ndipo kumadya nthawi imene munthu akanapanga geti. Pa nkhani imeneyi bambo ndi malume anasiyana maganizo. Malume ankati ino ndi nthawi yoti shedi ipeze ndalama pakuti aliyense akufuna mafelemu ndi zitseko, ndipo anyamata akufuna malipiro kumapeto kwa mwezi. Bambo ankati sangabweze munthu amene akugona m'kalasi ndi ana ake. Anagwirizana zoti m'mawa azigwira za ndalama, masana aziwongola malata a anthu pa mtengo uliwonse umene mwini wake angathe. Kunena zoona, malume sankalakwa pa masamu. Mwezi umenewo kope la amayi linatseka ndi ngongole.

Nkhonya yaikulu inabwera mu Novembala chaka chomwecho. Chitsulo chimene malata amapangira chimachokera kunja kwa dziko lino ndipo chimagulidwa ndi madola, motero kwacha ikagwa mtengo wa lata umakwera nthawi yomweyo. Inali itagwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, koma mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Masabata ochepa izi zisanachitike, bambo anali atalandira oda yaikulu kuposa ina iliyonse, ya mafelemu ndi magata a nyumba zingapo za pasukulu ina. Anagwirizana mtengo, analandira ndalama yochepa yoyambira, ndipo anaganiza zoti zitsulo azigula pang'onopang'ono. Atapita kukagula ulendo wachiwiri anapeza mitengo ina. Eni ntchito anakana kuwonjezera ndalama ponena kuti pangano ndi pangano. Bambo akanatha kuchita zimene ena anachita: kuthawa ntchito, kapena kugwiritsa ntchito geji yopyapyala mwakachetechete. Anaimaliza monga anagwirizanirana, koma anagulitsa njinga yamoto imene ankanyamulira katundu, ndipo anyamata awiri anawauza kuti ayambe apuma. Teremu yotsatira ndinabwera kusukulu mochedwa, ndipo amene munandifunsa ndinakuuzani kuti ndinkadwala. Sindinkadwala.

Kuchokera pamenepo shedi yathu ili ndi malamulo awiri amene amayi anawalemba pachikuto cha kope. Mtengo umene munthu wauzidwa umagwira ntchito masiku asanu ndi awiri okha. Ndipo oda yaikulu siyamba mpaka mwini wake atapereka ndalama yokwanira kugula zitsulo zonse tsiku lomwelo. Makasitomala ena amakwiya n'kupita kwina, koma ambiri amamvetsa chifukwa nawonso amagula shuga.

Za anyamata ophunzira ntchito ndinenepo pang'ono. Amabwera osadziwa kugwira sizasi, amawononga malata kwa miyezi, ndipo akangodziwa ntchito amachoka n'kukatsekula shedi yawo, nthawi zina pafupi pomwepo, atatenga ndi makasitomala ena. Malume zimawapweteka kwambiri. Bambo amangoti nawonso agogo luso lawo anachita kuba ndi maso ku Joni. Chimene chimawadetsa nkhawa iwo n'chakuti anyamatawa alibe pepala. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo munthu amene ali ndi satifiketi amatha kupikisana nawo pa ntchito za boma ndi za makampani. Bambo ndi luso lawo lonse ntchito zotere amazipeza kudzera mwa munthu wina wa mapepala, amene amadya gawo lalikulu osagwira nyundo.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandikhudza ine. M'banja mwathu tilimo anayi, ndipo mwamuna ndine ndekha. Kuyambira ndili wamng'ono aliyense ankadziwa kuti ine ndidzaphunzira sukulu, ndidzatenga pepala lija, n'kudzalandira njanji ya agogo. Nditakhoza mayeso olowera kuseminale, amayi anavina, koma bambo anakhala chete masiku angapo. Iwo ndi mkhristu wolimba, ndipo chaka chilichonse pa 1 Meyi, tsiku la Yosefe Woyera Mmisiri limene Papa Pius XII anakhazikitsa mu 1955, shedi imatsekedwa kuti onse apite ku Misa. Sanandiletse. Anangondifunsa funso limodzi: "Nanga zipangizozi ndidzasiyira yani?" Ndinalibe yankho, ndipo kwa nthawi yaitali funso limeneli linkandibwerera ndikagwada m'tchalitchi.

Yankho linachokera kumene sitinkayang'anako. Achemwali anga aakulu atalemba mayeso a Fomu 4 anayamba kuthandiza amayi kulemba m'kope, kenaka anayamba kuyeza ndi kujambula pa malata, ndipo tsiku lina malume anawapeza atavala galasi lakuda akuyesa kuwotcherera zidutswa. Poyamba bambo anakana, ati anthu adzaseka ndiponso palibe mwamuna amene angakwatire mkazi wa zipsera m'manja. Agogo aakazi ndi amene anawadzudzula, powakumbutsa kuti mbiya zonse za m'mudzi ankaumba ndi kuwotcha ndi akazi, ndipo palibe anafunsapo za zipsera. Panopa achemwali akuphunzira kuwotcherera ndi kupanga zinthu za malata pa sukulu ya ntchito zamanja, ndipo pa tchuthi amakhala m'shedi. Ndiwonso amajambula mageti ndi mbaula pa foni n'kutumiza pa WhatsApp, ndipo maoda ena tsopano amachokera kwa anthu amene sanafikepo ku Ndirande, ndalama n'kulipira pa foni pomwepo.

Tchuthi chapitachi ndinapeza akukangana ndi bambo pa nkhani ya makina okulungira malata. Achemwali akufuna kuti agule, ati nkhokwe ndi matanki zizituluka msanga ndiponso zozungulira bwino. Bambo akuti ayambe abweza njinga yamoto ija ndi kuitananso mnyamata mmodzi mwa awiri aja, amene ali ndi mkazi ndi mwana. Amayi anatsekula kope n'kunena kuti pakali pano ndalama ilipo ya chinthu chimodzi chokha. Pamene ndinkanyamuka kubwerera kuno anali asanagwirizane. Ine anandipatsa ntchito yodula makutu a ndowa pa zidutswa zotsala, ndipo bambo atayang'ana anati asanu mwa makumi awiri ndinadula mokhota.